Kukhoma benchi losagwedera kunyumba kwanu, ngakhale simunagwirepo sowo

Mabenchi oyamba a anthu ambiri amafa imfa imodzi. Tsiku lokhoma limaoneka bwino, ana nkumalimbirana pokhala. Pakangotha miyezi iwiri layamba kulira munthu akakhalapo, mwendo umodzi sukugunda pansi, ndipo pakati pa matabwa apamwamba patseguka mpata woti chala nkulowa. Mwini wake amangoti alibe dzanja la ukalipentala, hamala nkuiponya kuseri kwa chitseko. Koma vuto silikhala dzanja ayi. Limakhala pa zinthu zitatu: thabwa laliwisi, kucheka mokhota, ndi miyendo yopanda chogwiriziza. Zitatu zimenezi ndi zomwe tilimbane nazo pano.

Benchi lathu ndi lotalika masentimita 120, m'lifupi mwake ndi pafupifupi 38, ndipo kuchokera pansi kufika pokhala ndi 45, msinkhu womwe mipando yambiri imakhala nawo. Pamakwana akuluakulu awiri momasuka kapena ana atatu. Ndasankha benchi chifukwa chimango chake ndi chomwecho cha tebulo ndi stulu. Mukatha ichi, zinazo mungosintha miyeso.

## Zida

- Sowo yakuthwa. Yobuntha imakukakamizani kukankha ndi mphamvu, ndipo apo ndi pomwe mzere umathawira.
- Hamala yokhala ndi mphanda yozulira misomali.
- Tepi yoyezera ndi pensulo yosongola bwino.
- Sikweya, chida chooneka ngati L choyesera ngodya. Ngati ndalama ikungokwana chida chimodzi chatsopano, gulani ichi, zinazo bwerekani.
- Sandipepa wa nambala 80, 120 ndi 220.
- Burashi ya vanishi ndi kansalu konyowa.
- Mphira wa chubu chakale cha njinga, wong'ambidwa m'malamba. Ameneyu agwira ntchito yomanga matabwa pamodzi guluu akamauma.

Puleni ndi chiboolero zimathandiza koma si zokakamiza. Pomwe amagulitsa matabwa nthawi zambiri pamakhala makina opalira pafupi. Lipirani kuti akupalireni mbali zonse zinayi, mudzapulumutsa tsiku lathunthu la thukuta.

## Matabwa ndi zina zogula

- Pokhala: zidutswa ziwiri za 1x8, chilichonse masentimita 120.
- Miyendo: zidutswa zinayi za 2x2, chilichonse 43.
- Matabwa a m'mbali aatali: awiri a 1x4, lililonse 100.
- Zopingasa zazifupi: zisanu za 1x4, chilichonse 30.
- Chopingasa chapansi: chimodzi cha 1x4, pafupifupi 90. Ichi musachidule pano, tichiyezera pa benchi penipeni.
- Misomali ya 2.5 inchi, theka la kilo likukwana ndi kutsala.
- Guluu woyera wa matabwa, botolo laling'ono.
- Vanishi kapena penti, ndi mankhwala ake osungunulira omwe alembedwa pa chitini.

Manambala a 1x8 ndi 2x2 ndi a mainchi, yoyamba ndi kukhuthala kwa thabwa, yachiwiri ndi m'lifupi mwake, ndipo inchi imodzi ndi pafupifupi masentimita 2.5. Dziwani kuti thabwa likapalidwa limachepako, moti la 1x8 limatha kubwera ndi masentimita 19 m'malo mwa 20. Si vuto, bola onse a gulu limodzi apalidwe mofanana. Zidutswa zonse za 1x4 zikaphatikizidwa zimakwana masentimita 440, ndiye thabwa limodzi la mafiti 18, omwe ndi pafupifupi mamita 5.5, likukwanirani ndipo patsala kena kophunzirirapo kucheka.

## Kusankha mtengo

Woyamba kumene ayambe ndi paini, ngati uja wochokera ku Chikangawa, ku Dedza kapena ku phiri la Zomba. Ndi wofewa, sowo imayenda, msomali umalowa osapindika. Malaina nayenso ndi wopepuka ndipo savuta. Bulugamu ndi wolimba koma ali ndi khalidwe loipa: akamauma amapotoka ndi kung'aluka, ndipo akauma amakana msomali. Mbawa ndi mlombwa ndi yokongola, palibe angatsutse, koma ndi yodula, ndipo simungaikhome bwino popanda kuboola kaye. Isungireni tsiku lomwe manja azolowera. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi mkungudza wa ku Mulanje, mukane. Ndi mtengo wa fuko lathu, ndi wotetezedwa ndi lamulo, ndipo watsala pang'ono kutheratu pa phiripo chifukwa cha anthu ogula mwakachetechete chomwechi.

Kwa abale omwe ali ku Johannesburg kapena kwina komwe matabwa a mapaleti, aja amasanjikapo katundu pomunyamula, amapezeka mosavuta, yang'anani chidindo chomwe chili pambali pake. Cholembedwa HT chikutanthauza kuti anangotenthetsa thabwalo kuti tizilombo tife. Cholembedwa MB ndi chofukizidwa mankhwala, chisiyeni.

## 1. Yesani ngati thabwa lauma

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndi pomwe ine ndinagwera. Benchi langa loyamba ndinalikhoma ndi paini wongochekedwa kumene. Wogulitsa anati wauma, ine ndinakhulupirira chifukwa ndinkafuna kuyamba tsiku lomwelo. Matabwa apamwamba ndinawagundaniza bwinobwino, mpata osaoneka. Kutentha kwa Okutobala kutafika, thabwa lililonse linachepa, pakati nkutseguka, misomali nkuyamba kutukula mitu. Tsiku lina mwana wa mlongo wanga anapisa chala mumpatamo, wina nkukhala mbali inayo, matabwa nkumupana. Sanavulale kwambiri, koma kulira kwake ndimakukumbukirabe ndikamasankha matabwa.

Thabwa likamauma limachepa m'lifupi, pomwe m'litali silisintha kwenikweni. Nchifukwa chake mpata umatseguka pakati, ndipo mfundo zolumikizira matabwa zomwe munakhoma zothina zimamasuka. Poyesa chitani izi. Nyamulani matabwa awiri ofanana kukula, laliwisi limalemera moonekeratu. Gunditsani pa tsaya, laliwisi limazizira ngati khoma la m'bafa. Gogodani ndi chala chopinda, louma limalira mokweza pomwe laliwisi limangoti phu. Ngati akulolani kuchekako kumapeto, onani utuchi: wa thabwa louma umauluka, wa laliwisi umamatirira m'mano a sowo ndipo mukaufinya umaumbika.

Mukapeza kuti onse ndi aawisi, gulanibe, koma musakhome. Ayaleni pamthunzi podutsa mphepo, pakhonde kapena m'shedi, motalikira pansi ndi njerwa. Pakati pa thabwa ndi linzake ikani timitengo topingasa totalikirana theka la mita, timodzi pamwamba pa tinzake, kenako sanjikani njerwa pamwamba pa mulu wonse. Paini wa inchi imodzi amafuna masabata angapo m'chilimwe, ndipo m'dzinja amafuna nthawi yotalikirapo. Chenjezo: musawaimike pa khoma padzuwa poganiza kuti auma msanga. Mbali imodzi imauma kusiya inzake, thabwa nkupindika ngati uta.

Mukadali pogula, tsinzinani diso limodzi nkuyang'ana thabwa kuchokera kumapeto ngati mukuloza chinthu chakutali. Lokhota ndi lopotoka limaonekera pomwepo. Siyani lomwe lili ndi mfundo zakuda zogwedera, ming'alu kumapeto, kapena timabowo totuluka ufa, chifukwa limenelo layamba kale kufumbwa. Mfundo yaing'ono yolimba pa thabwa lokhalira si vuto, koma pa mwendo ayi. Mwendo umathyokera pa mfundo.

## 2. Yesani sikweya yanu

Ambiri sadziwa kuti sikweya imatha kunama, makamaka yomwe inagwapo pansi. Tengani thabwa lowongoka m'mphepete, gunditsani sikweya, jambulani mzere. Itembenuzeni kuti chogwirira chiloze mbali inayo, jambulaninso pamalo omwewo. Mizere iwiriyo ikagona pamodzi, sikweya ili bwino. Ikatseguka ngati miyendo ya nkhuku, kabwerekeni ina.

Ngati mulibiretu sikweya, pali njira ya amisiri omanga nyumba. Kuchokera pa ngodya yezani masentimita 30 mbali imodzi ndi 40 mbali inayo. Pakati pa madontho awiriwo pakakwana 50 ndendende, ngodyayo ndi yolondola.

## 3. Yezani ndi kujambula

Kumapeto kwa thabwa lochokera kumsika sikukhala kowongoka, ndipo nthawi zambiri kumakhala timing'alu. Yambani ndi kudulako masentimita awiri kapena atatu motsatira sikweya, kuti muyambire pabwino.

Jambulani mzere mbali zonse zomwe muziziona pocheka: pamwamba ndi m'mbali ziwiri. Pa mwendo wa 2x2 zungulirani mbali zonse zinayi, ndipo mzere womaliza ukumane ndi woyamba. Ukapanda kukumana, mwalakwitsa penapake, fufutani muyambirenso. Mbali yotaya ikanipo kachizindikiro kuti musasokonezeke.

Chenjezo lalikulu: musajambule zidutswa zonse pa thabwa nthawi imodzi nkumacheka motsatizana. Sowo imadya pafupifupi mamilimita awiri paliponse yadutsa, ndiye chidutswa chachinayi chidzakhala chachifupi kuposa choyamba. Yezani chimodzi, dulani, yezani china. Pa miyendo, dulani umodzi mosamala, ulembeni nambala 1, ndipo inayo itatu muijambule pogoneka womwewo pamwamba. Osatengera wachiwiri kujambulira wachitatu, chifukwa kulakwitsa kumakula kukamapatsirana.

## 4. Chekani

Thabwa ligone pa chinthu chosasuntha, kaya ndi mpando wolimba kapena masitepe a pakhonde, ndipo mulipondereze ndi bondo. Sowo iyende kunja kwa mzere, mbali yotaya, mzere wa pensulo utsale pa chidutswa chomwe mukufuna. Poyamba kokerani sowo kwa inu katatu pang'onopang'ono, chala chachikulu chikutsogolera chitsulo pamwamba pa mano, mpaka patapangika kanjira. Kenako chotsani chalacho muyambe kukankha.

Chala cholozera cha dzanja logwira sowo chiloze kutsogolo, chigongono chiyende pafupi ndi nthiti. Musapanikize. Sowo yakuthwa imadzidyera yokha, inu ntchito yanu ndi kuiongolera ndi kugwiritsa ntchito mano onse, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Maso akhale pa mizere iwiri, wa pamwamba ndi wa m'mbali, chifukwa ambiri amatsata wa pamwamba bwinobwino koma sowo itapendekera, mwendo nkutuluka wosongoka pansi. Mukatsala pang'ono kumaliza, gwirani chidutswa chomwe chikugwa ndipo chepetsani liwiro, apo ayi chithyoka ndi kung'amba ngodya.

Mukadula miyendo yonse, iimikeni pamodzi pa simenti yosalala nkuyendetsa chikhatho pamwamba. Chikhatho chimamva kusiyana komwe diso silikuona. Wautali ukwecheni ndi sandipepa wa 80 mpaka ifanane.

## 5. Kwechani musanalumikize

Nkosavuta kusalaza thabwa lili lokha kusiyana ndi kupisa dzanja m'makona a benchi lokhomakhoma. Kulungani sandipepa pa kachidutswa ka thabwa, yambani ndi 80, tsirizani ndi 120, motsata mizere ya thabwa osati mopingasa. Zokanda zopingasa zimabisala tsopano koma vanishi akalowa zimaonekera zonse. Malo omwe adzagundane ndi thabwa lina musawazungulize m'mphepete, akhale athyathyathya kuti guluu agwire. Mangani kansalu kumphuno, fumbi la matabwa si labwino m'chifuwa.

## 6. Khomani miyendo iwiriiwiri

Tipanga zimango ziwiri zofanana, chimodzi cha mbali iliyonse. Gonekani miyendo iwiri pansi motalikirana, kuti kuchokera kunja kwa umodzi kufika kunja kwa unzake pakhale masentimita 30. Chopingasa chachifupi choyamba chigone pamwamba pa miyendoyo kumutu kwake, molingana ndi nsonga. Chachiwiri chigone masentimita 10 kuchokera kuphazi.

Pakani guluu mopyapyala pa malo onse ogundana, mufalitse ndi chala. Ndipo apa tamverani bwino: khomani msomali umodzi wokha pa mfundo iliyonse mwa zinayizo. Ndi msomali umodzi, chimango chimatha kusunthabe. Ikani sikweya pa ngodya, kenako yezani ndi tepi mopingasa, kuchokera ngodya ya kumanzere kumwamba kufika ya kumanja pansi, ndiyeno mbali inayo. Miyeso iwiriyo ifanane. Ikasiyana, kankhani pang'ono ngodya za mbali yotalikayo mpaka zilingane. Zikatero onjezani msomali wachiwiri pa mfundo iliyonse, motalikirana ndi woyamba, wina cha kumwamba wina cha kumunsi. Guluu woyera amakupatsani mphindi zochepa asanayambe kugwira, ndiye zida zonse zikhale pafupi musanatsegule botolo.

Zopingasa zazifupizi ndi zomwe zimang'aluka kwambiri, chifukwa misomali ili pafupi ndi mapeto. Njira yake ndi iyi: imikani msomali chamutu pa mwala, menyani nsonga yake kamodzi kapena kawiri ndi hamala kuti ibunthe. Msomali wosongoka umalowa ngati nkhwangwa yowazira nkhuni, kukankhira mitsempha ya thabwa uku ndi uku. Wobuntha umadula mitsemphayo nkudzipangira njira. Ngati muli ndi chiboolero, boolani kabowo kocheperako kuposa msomali pa thabwa la pamwamba lokha. Musakhome misomali iwiri pa mzere umodzi wa thabwa, ndipo musayandikire mapeto kuposa masentimita awiri.

Chinanso, pendeketsani misomali pang'ono, wina kuloza uku wina uko. Yoongoka yonse imazuka limodzi benchi likamakokedwa, koma yopendekera mosiyana imakanirana. Musatenge ya 3 inchi poganiza kuti yaitali ndiye yolimba. Thabwa la inchi imodzi pa mwendo wa mainchi awiri, zonse zopalidwa, sizikwana mainchi atatu, ndiye nsonga idzatulukira kuseri nkumang'amba zitenje za alendo.

Guluu wotuluka m'mbali mupukuteni nthawi yomweyo ndi kansalu konyowa. Akauma saoneka, koma vanishi salowa pomwe pali guluu, ndipo padzatsala chigamba chotuwa.

Chimango chachiwiri chikhomereni pamwamba pa choyamba, kuti zifanane ngati mapasa.

## 7. Lumikizani zimango ziwirizo

Pezani wokugwirirani, pano manja awiri sakwana. Imikani zimango chadodolido, mitu ya miyendo ili pansi pa simenti yosalala, zopingasa zitayang'anana mkati. Kugwira ntchito chadodolido kumathandiza kuti mitu ya miyendo ndi matabwa a m'mbali zonse zilingane ndi simenti, pokhala padzagone bwino.

Thabwa la masentimita 100 ligunde kunja kwa miyendo, mapeto ake alingane ndi kunja kwa mwendo uliwonse. Guluu, msomali umodzi uku, umodzi uko. Chitani chimodzimodzi mbali inayo. Onani ndi sikweya kuti mwendo uliwonse waima chilili, yezani mopingasa monga munachitira poyamba, ndipo zikafanana onjezani misomali iwiri pa mfundo iliyonse. Kumbukirani kuti m'mwendomo muli kale misomali ya chopingasa. Onani pomwe ili, yatsopanoyo idutse pamwamba kapena pansi pake. Msomali ukagunda unzake mkati umapinda nkung'amba mwendo.

Chopingasa chachisanu chija chilowe pakati penipeni pa matabwa aataliwo, chiimirire ngati anzake, m'mphepete mwake mutagundanso simenti. Chikhomereni kuchokera kunja. Chimenechi ndi chomwe chidzaletse pokhala kuti pasamire pakati.

## 8. Chopingasa chapansi

Ichi ndi chomwe oyamba kumene amachisiya poganiza kuti nchokongoletsera. Munthu akakhala pa benchi sakhala phee. Amatsamira, amadzikoka, ana amalikwera ndi kuligwedeza m'litali. Mphamvu yonseyo imathera pa mfundo za kumutu kwa miyendo, ndipo popanda chogwira kumunsi, miyendo imayamba kutanyula pang'onopang'ono mpaka misomali itamasuka.

Tembenuzani benchi liime ndi miyendo yake. Yezani mtunda pakati pa miyendo kumwamba, yezaninso kumunsi. Ifanane. Gonekani thabwa lotsala la 1x4 pamwamba pa zopingasa ziwiri za kumunsi, pakati, jambulani pomwe likuthera, dulani. Lidzakhala pafupi ndi masentimita 90, koma khulupirirani benchi lanu kuposa nambala yanga. Guluu ndi misomali iwiri mbali iliyonse, mutabunthitsa nsonga. Pokhoma, ikani njerwa kapena chidutswa cha thabwa pansi pa chopingasa chachifupicho kuti hamala isachigwedeze pa mwendo.

Tsopano siyani. Mangani chimango ndi malamba a mphira mothina, chiikeni pa malo osalala, musanjikepo chinthu cholemera, chigone usiku wonse. Guluu amafuna tsiku lathunthu kuti afike pa mphamvu yake, ndipo mukalola ana kuchiyesa madzulo omwewo, mfundo zimasweka mkati inu osadziwa.

## 9. Khomani pokhala

Yang'anani kumapeto kwa thabwa la 1x8. Muona mizere yokhota, zaka za mtengo. Ligonekeni kuti mizereyo ioneke ngati mbale yoyang'ana kumwamba, kutanthauza kuti mbali yomwe inali cha kumtima kwa mtengo ikhale pamwamba. Thabwa likamapitiriza kuuma mizereyo imafuna kuwongoka, ndiye mukaliika chotere m'mphepete mwake mumatsikira pansi nkukanirira pa chimango. Mukalitembenuza, m'mphepete mumadzuka, pakati nkusanduka ngalande yosunga madzi.

Matabwa awiriwo atulukire masentimita 10 kumapeto konse, ndi pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo mofanana. Musaonjezere kutulukirako kupitirira apo, chifukwa munthu akakhala kunsonga yekha benchi limadzuka mbali inayo. Ngati benchi ndi la m'nyumba ndipo matabwa ndi ouma, agundanizeni. Ngati ndi la pakhonde, siyani kampata ka mamilimita atatu kuti madzi azidutsa, kochepa koti chala cha mwana sichingalowe. Misomali iwiri yoimika pakati pa matabwa imakupatsani mpata wofanana kuyambira uku mpaka uko.

Jambulani mzere wopepuka pamwamba wosonyeza pomwe matabwa a pansi akudutsa, kuti msomali usaphonye. Khomani motalikirana masentimita 20 m'mbali, ndi iwiri pa chopingasa chilichonse pa thabwa lililonse. Pano musapake guluu pa zopingasa, thabwa lalikulu chotere limafuna kupuma pang'ono nyengo ikamasintha, ndipo mukalimanga kwambiri limang'aluka pakati. Msomali ukatsala pang'ono kulowa wonse, lekani kumenya mwamphamvu kuti hamala isasiye zipsera. Tengani msomali waukulu wobuntha, uikeni pa mutu wa winawo, menyani kuti mutu umire pang'ono. Kabowo kotsalako katsekeni ndi utuchi wosalala wosakaniza ndi guluu.

## 10. Ngati likugwederabe

Musathamangire sowo. Choyamba onani ngati vuto ndi benchi kapena pansi. Litembenuzeni, liikeni malo ena awiri kapena atatu. Ngati miyendo yomweyo ndi yomwe ikulendewera paliponse, ndiye ndi benchi.

Liikeni pamalo osalala kwambiri omwe muli nawo, pisani timakatoni pansi pa miyendo yolendewera mpaka litaima phee. Tengani kathabwa kopyapyala, kokhuthala kuposa mpata waukuluwo pang'ono, gonekani pensulo pamwamba pake, nkuzunguliza mwendo uliwonse kathabwako kakukhwekhwereza pansi. Dulani miyendo yonse inayi pa mizere imeneyo. Anthu omwe amadula mwendo umodzi mongoganizira amapeza kuti wina ndiye wayamba kulendewera, amadulanso, mpaka benchi kusanduka kampando ka kukhitchini.

## 11. Kusalaza komaliza ndi vanishi

Zungulizani ngodya zonse za pokhala ndi sandipepa wa 80 mpaka zisamapweteke mukakanikiza ndi mkono. Kumapazi kwa miyendo nakonso kwechani m'mphepete mopendekeka, kuti benchi likamakokedwa pasathetheke. Pitaninso ndi 120 ponseponse, pukutani fumbi ndi nsalu yonyowa pang'ono, dikirani liume.

Vanishi woyamba msungunuleni pang'ono kuti alowe m'thabwa. Pakani mopyapyala motsata mizere, kuyambira pansi pa benchi kumalizira pamwamba. Akauma mudzamva kuti thabwa lachita nthenya ngati ndevu zongomera kumene. Ndi mmene zimakhalira, pitanipo mopepuka ndi 220, pukutani, pakani kachiwiri, kenako kachitatu. Pakirani pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula ndi ndudu, koma osati pabwalo tsiku la kamvuluvulu, fumbi lonse lidzamatirira. Tsiku la mvula vanishi amachedwa kuuma, musamukhudzekhudze.

Kumapazi kwa miyendo pakani kambirimbiri mpaka thabwa litaleka kumwa. Kumapeto kwa thabwa kumayamwa madzi ngati bango, ndipo madzi okolopera tsiku ndi tsiku ndi omwe amaoletsa miyendo. Ngati pansi panu ndi pozira, khomani timphira ta tayala lakale kumapazi, ndipo muzilisuntha benchi posesa. Chiswe chimakonda paini yemwe wakhala malo amodzi osasunthidwa.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kukhoma matabwa aawisi chifukwa chofulumira. Palibe msomali kapena guluu yemwe angaletse thabwa kuchepa.

Kusakaniza mainchi ndi masentimita pa tepi imodzi. Matabwa ndi misomali timagula m'mainchi, koma poyeza sankhani mbali imodzi ya tepi, muitsate mpaka kumapeto.

Kudalira misomali yokha, kapena kuichulukitsa. Misomali isanu ndi umodzi pa mfundo imodzi imang'amba mwendo mkati. Iwiri kapena itatu pamodzi ndi guluu imagwira kuposa pamenepo. Ndipo guluu sagwira pa thabwa lafumbi, lonyowa kapena lopakidwa kale penti.

Kukhomera msomali m'mapeto mwa thabwa, motsata mitsempha yake, nkumayembekeza kuti unyamule munthu. Pamenepo msomali umazuka ndi dzanja. Nchifukwa chake pa benchi lathu matabwa onyamula zolemera kwambiri akhomedwa m'mbali mwa miyendo.

Kuwongola msomali wopindika uli m'thabwa. Uzuleni, mutaika kathabwa pansi pa mutu wa hamala kuti isaboole pokhala, ndipo watsopanoyo mukhome pambali pang'ono, osati m'bowo lomwelo.

Kusiya benchi pa mvula chifukwa lili ndi vanishi. Guluu woyera wamba amafewa akanyowa nthawi yaitali, ndipo vanishi wa m'nyumba amasupuka padzuwa. La panja lipakeni penti wa mafuta ndipo muzililowetsa pakhonde.

Kusonkhezera moto ndi zidutswa zilizonse zotsala. Za paini wamba mutha kuphikira. Koma ngati munagula matabwa obiriwira aja onyikidwa m'mankhwala a chiswe, kapena zidutswa zili ndi penti ndi vanishi, musaziike pa mbaula kapena pa mafuwa, utsi ndi phulusa lake ndi poizoni. Mukatha ntchito sesaninso pabwalo ponse, mutole misomali yopindika ija mmodzimmodzi musanalole ana opanda nsapato kubwera kudzaona benchi.